Galimoto Zosalira za Bambo Ezara

Galimoto zija zidafika mu Juni wa 1996, chisanu chili pachimake, m'chikontena chimodzi ndi kaunjika ndi makina osokera. Adatumiza ndi akhristu a kwawo kwa wansembe wina wachizungu amene adakhalapo pa parishi yathu kalekale. Kwawoko akuti zinkagawa mkaka m'makomo. Zidali ziwiri zofanana ngati mapasa: kutsogolo kampando ka dalaivala kopanda chitseko, kumbuyo malo a katundu, pansi pake mabatire ndandanda. Petulo sizinkamwa, dizilo sizinkamudziwa. Unkangozilumikiza kukhoma ngati ayironi, mawa lake n'kumayenda. Ndipo sizinkalira. Munthu unkangoona kafumbi pambali pako, galimoto itadutsa kale.

Choipa chake chidali utoto. Ina idali yachikasu, ina yobiriwira, ndipo zaka zimenezo zipani zitangoyamba kumene, mtundu wa nsalu unkatha kugwedeza ukwati. Anthu a kumtunda kuno kwa Bembeke adagawana galimotozo tsiku lomwelo, aliyense n'kumaikira kumbuyo ya mtundu wa chipani chake, ngakhale amene sadakwerepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ntchito yake idali imodzi: kunyamula ufa wa phala la ana ndi mankhwala kupita ku kachipatala ka kwa Mzingo, mtunda wa makilomita asanu ndi limodzi. Yachikasu inkapita Lolemba ndi Lachitatu, woyendetsa a Yeremiya, dalaivala wakale wa parishi amene ankayendetsanso pikapu ya ansembe. Yobiriwira inkapita Lachiwiri ndi Lachinayi, woyendetsa Ganizani, mnyamata waulemu mpaka kutopetsa.

Pofika Okutobala mabatire adayamba kufooka, ndipo amtundu umenewo sankapezeka ngakhale ku Lilongwe. Bambo Ezara, wansembe wamkulu wa parishi, adaitana komiti n'kunena mosapsatira kuti galimoto imodzi iphedwe kuti mabatire ake adyetse inzake, ndipo dalaivala atsale mmodzi. Komiti idakangana kuyambira itatha misa yachiwiri mpaka mimba zidayamba kulira. Achikasu ankati iphedwe yobiriwira, obiriwira ankati iphedwe yachikasu.

“Basi,” adatero Bambo Ezara atatopa. “Masamu alibe chipani. Tipatse aphunzitsi a Yohana masabata anayi atiwerengere kuti yodya magetsi ambiri ndi iti. Imeneyo ndiyo idzafe, ndipo dalaivala wake adzapume.”

A Norbert Yohana adaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo theka la komitiyo lidalawapo rula yawo. Akadakhala munthu wina akadanyadira. Koma iwo mtima udagwa, chifukwa Ganizani adali mkamwini wawo, mwamuna wa Gloria, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene panthawiyi adali woyembekezera. Ndipo Ganizani adali ndi pasipoti m'sutikesi komanso msuweni ku Joni. Adaneneratu kwa mkazi wake kuti ntchitoyi ikangotha, iye wakwera basi. A Yohana ankaidziwa Joni. Mkulu wawo weniweni adapita kumeneko iwo ali anyamata, ndipo chimene chidabwerako ndi bulangete limodzi ndi kalata ya maliro.

Bambo Ezara adamangitsa kamita kakang'ono pakhoma la galaja. A Yohana adagula kope latsopano, n'kulemba mizere ndi rula, n'kudziuza okha kuti mapasa sangasiyane kadyedwe.

Sabata loyamba yachikasu idadya mayunitsi asanu ndi atatu pa ulendo uliwonse. Yobiriwira idadya khumi ndi anayi.

A Yohana adavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Manambala adali omwewo. Adagogoda kamita kaja ndi chala, kuganiza kuti mwina kagona. Adabwereka pampu ya njinga n'kupopa mateyala onse mofanana. Adathira okha madzi m'mabatire ndi kapu imodzi. Matumba a ufa adawapima pa sikelo ya ana, limodzilimodzi, anamwino akuwayang'ana m'mbali. Sabata lachiwiri yachikasu idadya asanu ndi atatu, yobiriwira khumi ndi anayi, osasuntha n'pang'ono pomwe.

Achikasu adayamba kuyenda monyang'wa. “Takhala tikunena ife kuti obiriwira ndi adyera,” ankatero pa chigayo. “Ngakhale chitsulo chikuchitira umboni.”

Kunyumba a Yohana ankafika mutu uli gwa, n'kuyala kope patebulo. Akazi awo, mayi Salome, adali munthu wolimbikira, mwini dimba la mbatatesi ndi kabichi pa kamtsinje kamene msewu wa kwa Mzingo umawoloka. Adali Mkatolika wa kutsogolo, wa kolona m'khosi, koma pa nkhani ya mkamwini adali wa chikale kotheratu. Chikwatirire Gloria, iwo ndi Ganizani adali asadayang'anepo m'maso kapena kuyankhulana. Akaonana patali panjira, wina ankapatukira m'chimanga. Chofunika kunena chinkadzera mwa Gloria. A Yohana ankaziseka zimenezi, amvekere za makolo osapita kusukulu, koma mayiwo sankatekeseka.

“Amake Gloria,” adatero tsiku lina, “msewu umodzi, katundu mmodzi, galimoto zofanana. Mayunitsi asanu ndi limodzi akulowera kuti?”

Mayi Salome adapitiriza kusenda mbatatesi osadzutsa mutu. “Galimoto zanuzo bwanji osazimangirira belu?”

“Belu? Ine ndikunena za magetsi, inu mukunena za belu. Belu amachepetsa mayunitsi?”

“Ndimangonena,” adatero mayiwo, n'kunyamula beseni kupita kukhitchini.

Apa m'pamene a Yohana adapeza nzeru imene adadzanong'oneza nayo bondo. Adaganiza kuti akasinthanitsa madalaivala, aliyense aona kuti wodwala ndi galimoto yobiriwira, osati woyendetsa. Ikatero adzapempha komiti kuti yobiriwirayo ife ndithu, koma Ganizani apatsidwe yachikasu, popeza a Yeremiya ali kale ndi pikapu. Adakondwa nayo nzeruyo mpaka kuimba mluzu popita ku galaja.

Sabata lachitatu a Yeremiya adayendetsa yobiriwira, ndipo idadya asanu ndi atatu. Ganizani adayendetsa yachikasu, ndipo idadya khumi ndi anayi.

Kalanga ine! A Yohana adakhala pansi pa chitini cha penti m'galajamo, kope lili pamwendo. Ndi dzanja lawo lomwe adachotsa mlandu pa chitsulo n'kuusenzetsa mkamwini wawo. Achikasu ndi obiriwira, amene adatha miyezi osapatsana moni, tsopano adagwirizana chimodzi: mnyamatayu akuba magetsi. Ena ankati amatchajira anthu mabatire a wailesi m'njira n'kumalandira makwacha. Ena ankati ayi, magetsi saoneka ndi maso, ndiye wowaba ndi wodziwa zitsamba. Gogo wina adalumbira kuti adaona mababu akuyaka m'nyumba ya Ganizani, nyumba yoti ilibe ndi waya womwe.

A Yohana adamuitanira Ganizani kuseri kwa galaja. Mnyamatayo adanjuta chapatali, chipewa m'manja, maso pansi.

“A Ganizani, ine ndine bambo wanu. Mundiuze zoona. Magetsi akupita kuti?”

“Sindikuwagulitsa, bambo.”

“Sindidafunse kumene sakupita. Akupita kuti?”

“Sindingathe kunena, bambo.”

“Simungathe, kapena simukudziwa?”

Ganizani adapotokola chipewa chija mpaka kutsala pang'ono kuching'amba. “Pepani, bambo.”

“Mukudziwa kuti ntchito ikuthani? Mukudziwa kuti mwana wanga ali ndi pakati?”

“Ndikudziwa, bambo. Pepani.”

Munthu wokana mlandu umalimbana naye, wovomera umamukhululukira. Nanga wongopepesa umamutani? A Yohana adabwerera kwawo ali osokonezeka kuposa poyamba, ndipo adakwiyira ngakhale nkhuku zimene zidawadutsa kutsogolo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu. Lachiwiri la sabata lomaliza a Yohana adadikira Ganizani anyamuke, kenaka adakwera njinga n'kumatsata mapazi a mateyala m'fumbi. Mateyala ake adali opyapyala, osavuta kuwazindikira. Adawatsata bwinobwino mpaka pa mphambano ya pa mabulugamu, pamene msewu umatsetserekera ku kamtsinje kaja. Pamenepo mapaziwo sadatsetsereke. Adakhotera kumanja, kukwera kamsewu ka ngolo kozungulira phiri, kamene ngakhale ng'ombe zimakayang'ana kawiri.

A Yohana adatsika njinga n'kumaikankha, thukuta lili kamukamu. Chitunda, miyala, chitunda chinanso. Mayunitsi asanu ndi limodzi aja adawamva m'mawondo mwawo. Funso loyamba lidayankhidwa, koma lidabala linzake loipa kuposa: munthu wamutu wake angasiyirenji msewu wosalala n'kumakwera kuno? Akali kudzifunsa choncho adatulukira pa khomo lokhalo la m'njira imeneyo, la Idah, mayi wamasiye wophika mowa wamasese, wosekerera aliyense. Mapazi a mateyala adadutsa pabwalo pake penipeni.

“Moni aphunzitsi!” adafuula Idah ali pa mtondo. “Mukutsata akamwini anu? Adutsa kale. Saphonyatu amenewo, Lachiwiri ndi Lachinayi.”

A Yohana adatembenuza njinga. Masamu tsopano adatheka, ndipo yankho lake lidawawawa ngati tsabola m'maso. Mwana wawo akuvutika ndi mimba kunyumba, mkamwini akukwera phiri ndi magetsi a ana osowa phala kukaona mkazi wa mowa. Ulemu wonse uja, kunjuta konse kuja! Adatsika phirilo osakwera njinga, akuyankhula okha.

Loweruka masana adakhala patebulo kulemba lipoti, akusindikiza cholembera mpaka kuboola pepala. Mayi Salome adalowa ndi tiyi.

“Mawa ndikanena zonse,” adatero a Yohana. “Mkamwini wanu woyera mtimayo ali ndi chibwenzi kuphiri, kwa Idah. Apite ku Joni konko. Gloria timulera tokha, si woyamba.”

Kapu idagwedera pa sosala, tiyi n'kutayikira pa lipoti.

“Mwanayo alibe mlandu,” adatero mayi Salome motsitsa mawu.

“Mwadziwa bwanji? Inu amene simuyankhula naye n'komwe?”

“Alibe mlandu, bambo a Gloria.”

“Ndiye kuphiri amakatani? Amakapemphera?”

Mayiwo adawerama. Adapukuta tiyi uja ndi nsonga ya chitenje, n'kutuluka. A Yohana adatsala akuyang'ana chitseko. Mkamwini sangathe kunena, mkazi sangathe kunena, ndipo iwo, amene adaphunzitsa theka la parishi kuchotsera ndi kugawa, ndiwo okha amene sakudziwa kanthu m'nyumba yawo yomwe. Lipotilo adalikopera papepala lina, koma dzanja silidalinso ndi mphamvu ija.

Lamulungu itatha misa yachiwiri, chipinda cha Sitandade 8 chidadzaza, ena akusuzumira m'mawindo. Mayi Anastazia, wapampando wa komiti, adakhala patebulo la aphunzitsi pamodzi ndi Bambo Ezara. Ganizani adakhala pakona kumbuyo. Gloria adakhala pakati pa amayi, manja atagwira mimba. Mayi Salome, amene sankabwera ku misonkhano yotere, adakhala pafupi ndi khomo, mpango utatsikira pamphumi.

A Yohana adawerenga manambala onse sabata ndi sabata. Adafotokoza za mateyala, za madzi, za sikelo. Kenaka adati galimoto zilibe vuto, koma dalaivala mmodzi sadutsa msewu wa kumtsinje, amazungulira phiri.

“Kuphiri?” adafunsa mayi Anastazia. “Kuphiri kuli chiyani?”

“Kuli Idah,” adayankha wina pawindo, ndipo chipinda chonse chidachita phokoso ngati njuchi. Gloria adaweramitsa mutu. A Yohana adayang'ana chiganizo chotsatira papepala lawo, n'kuyang'ana mwana wawo, n'kutsitsa pepalalo osachiwerenga.

Pamenepo benchi idalira pafupi ndi khomo. Mayi Salome adaimirira. Adatembenuka kuti msana uloze pakona pamene padali Ganizani, nkhope n'kuyang'ana bolodi, ndipo adayankhula ndi bolodilo.

“Apampando, magetsiwo ndadya ndine.”

Onse adatembenukira kukhomo.

“Sabata loyamba galimotozi zitangofika, ndidali kudimba. Nditatha kukumba ndidatsikira pamtsinje, pamene msewu umawoloka, n'kuvula bulauzi ndi zam'kati kuti ndisambe. Zaka zonsezi ndakhala ndikutero. Galimoto umaimvera ikali ku mabulugamu, njinga imalira tcheni, munthu amatsokomola kapena kufunsa ngati kuli anthu. Koma ichi chidangofika. Ndikudzutsa mutu, chili apa, ndipo wokhala pampando ndi bambo a kunyumba kwa mwana wanga.” Adatsitsanso mpango pamphumi. “Tidayang'anana. Iwo adabwerera chammbuyo mpaka kumtunda. Chiyambire tsiku limenelo sadadutsenso pamtsinjepo, kuopa kundichititsa manyazi kachiwiri. Ine ndimawaona ali kuphiri ngati kachikumbu, ndili m'dimba, ndipo ndimadziwa chifukwa chake. Ndidakhala chete miyezi inayi. Ndimati ndife nazo. Koma mwana wa eni asapite ku Joni ndi dzina la wakuba ndi wachiwerewere chifukwa cha thupi la nkhalamba ine.”

Adakhala pansi n'kudziphimba kumaso ndi mpango. Mtsikana wina adayamba kuseka, koma mayi woyandikana naye adamutsina. Amayi achikulire onse adali atayang'ana pansi, pakuti ankadziwa mtengo wa mawu amenewo. Pakona paja Ganizani adali atabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

A Yohana adaima ndi pepala lawo ngati mwana woiwala ndakatulo. Belu lija adalikumbukira tsopano. Manyazi adawagwira, a mkamwini amene adamuweruza, ndi a mkazi amene adagona naye nyumba imodzi miyezi inayi osaona kuti wasenza chinthu.

“Ndiye aphunzitsi,” adatero mayi Anastazia, “tiuzeni. Yodya kwambiri ndi iti?”

“Zimadya mofanana.”

“Nanga tiphe iti?”

“Sindikudziwa, apampando,” adatero a Yohana, mawu amene ana a sukulu sadawamvepo pakamwa pawo.

A Yeremiya adakweza dzanja n'kudzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. “Za galimoto mukangane nokha. Ine ndinena za dalaivala. Ndili mnyamata ndidagonapo m'munda wa nyemba ola lathunthu, linthumbwi likundiluma, kudikira kuti apongozi anga adutse. Ndinkayesa ndine womaliza. Masiku ano a demokalase, mkamwini amapempha apongozi ake machesi. Ndiye mwana wokwera phiri miyezi inayi, n'kulola kutchedwa wakuba osaulula, mukamuchotsa mudzamupeza kuti wina? Ine pikapu indikwanira. Kagalimoto kopanda chitsekoka kandithera mawondo ndi mphepo.”

Palibe adatsutsa. Za utoto ndiye adakanganabe mpaka dzuwa kupendeka, achikasu uku obiriwira uku, kufikira Bambo Ezara adalamula kuti iphedwe ya mateyala akutha, ndipo yotsalayo ipakidwe penti yoyera imene idatsala popaka tchalitchi. Onse adatuluka akudandaula mofanana. Koma Bambo adaonjezera chinthu chimodzi: parishi siingalipire mayunitsi khumi ndi anayi. Kuyambira mawa galimoto idutse kumtsinje, apo ayi nkhani iyambirenso.

Lolemba m'mawa a Yohana adapempha kukwera nawo, kope lili m'thumba. Adamangirira belu la njinga yawo pafupi ndi chiwongolero, n'kukhala pa matumba a ufa. Pamene ankayandikira mabulugamu aja Ganizani adayamba kuchepetsa liwiro, ndipo a Yohana adaona manja ake akukokera chiwongolero kumanja, kuphiri. Mnyamatayo thukuta lidali chuchuchu m'khosi, kunja kukuzizira.

Pamphambano padaima munthu ndi khasu ndi thumba la mbewu ya mbatatesi. Adali mayi Salome. Sadapatukire m'tchire. Adayang'ana kumbali, n'kukweza dzanja, ndipo galimoto idaima. Adakweza thumba lawo kumbuyo, n'kukhala pambali pake, miyendo ili lende, msana utaloza kwa dalaivala. Adakonza mpango, n'kusisita thumbalo.

“Thumba iwe,” adatero, “uwauze adalaivala kuti zakuphiri zatha, atsetsereke. Ine ndikatsikira padimba. Uwauzenso kuti mwana akubwerayo adzapeze bambo wake pakhomo.”

Ganizani adagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Kenaka adachiweramira.

“Chiwongolero, uwauze amayi kuti ndamva. Pasipoti ndapereka kwa Gloria dzulo, abise kumene akudziwa.”

Adaliza belu kawiri, ngakhale woti amuchenjeze adali atakwera kale, ndipo galimoto idatsetsereka kulowera kumtsinje.

Madzulo ake a Yohana adapita ku galaja kukawerenga mita. Idati mayunitsi asanu ndi anayi, imodzi kuposa ya a Yeremiya. Adavula magalasi kuti awapukute, kenaka adakumbukira amene adakwera kumbuyo ndi thumba lake, ndi nkhalamba inanso imene idakhalira matumba a ufa popita ndi pobwera. Adalemba nambalayo m'kope mmene idaliri. Kumunsi kwake, m'danga la ndemanga limene lidakhala lopanda kanthu masabata anayi, adalembamo kuti: apongozi awiri.